Mvula Isanagwe ku Kambuzuma

Nyengo imene Azungu a ku Harare amaitcha summer, ife m'nyumba mwathu timaitcha dzinja, ndipo anansi athu Achishona amati zhizha. Kwa anthu a ku Borrowdale kapena ku Highlands, kukonzekera nyengoyi ndiko kutsuka dziwe losambiramo ndi kutulutsa mipando pa kapinga. Kwa ife a ku Kambuzuma nkhani yonse ndi ya madzi: adzalowera pati, adzatulukira pati, ndipo adzatisiyira chiyani. Choncho mwezi wa Okutobala ukafika, mitengo ya jacaranda itayala maluwa m'misewu ya m'tauni, dzuwa likuswa mtengo, banja lililonse limene lili ndi denga komanso kachigawo ka dothi limayamba kuyang'ana kumwamba.

Ntchito imayambira padenga. Nyumba zambiri za kuno zinafoleredwa ndi asibesitosi, ndipo asibesitosi akakalamba sachita dzimbiri ngati malata. Amangong'aluka mwakachetechete, mng'alu wake woonda ngati ulusi. Njira youpezera ndi kulowa m'nyumba masana, kutseka zitseko ndi mazenera, n'kuona pamene kuwala kukubowola. Wokwera pamwamba amayala thabwa kaye, chifukwa wopondapo mwachisawawa amatsikira m'chipinda chogona. Amatenga phula ndi tizidutswa ta nsalu n'kumata ming'aluyo umodziumodzi. Kale ntchitoyi inali ya agogo aamuna, kenako ya amalume, ndipo lero ndi yanga. Amayi amaima pansi atagwira makwerero, akulangiza munthu amene tsitsi lake layamba kale imvi: "Mupondetu pamene pali msomali, bambo. Pamenepo ndiye pali mtanda."

Kenako ngalande. Mapepala, mabotolo ndi mchenga wa chilimwe chonse zimakhala zitadzaza ngalande ya kumaso kwa nyumba, ndipo aliyense amafukula gawo loyang'anana ndi geti lake. Mnansi waulesi amadziwika pa mvula yoyamba, ija kumudzi amati chizimalupsa ndipo kuno amati bumharutsva, pakuti madzi a msewu wonse amakhotera pakhomo pake. Ntchito imeneyi tinaleka kuiona ngati yaukhondo chabe m'chaka cha 2008. Kolera amene anabuka mu Ogasiti chaka chimenecho anakula mvula itayamba, pamene zonyansa za m'mapaipi ophulika zinkasefukira m'zitsime zosazama zimene anthu anakumba chifukwa mipopi inali itauma. Ku Budiriro, kumene sikutali ndi kuno, kunagwa maliro ambiri, ndipo pofika pakati pa 2009 anthu oposa 4,000 anali atamwalira m'dziko lonse. Chiyambire pamenepo mlomo wa chitsime chathu tinaukweza ndi njerwa, ndipo chaka chilichonse amayi amauzungulira ndi chala kufufuza ming'alu, monga mmene amafufuzira nsabwe m'mutu mwa mdzukulu.

Koma mtima wa ntchito yonse uli kuseri kwa nyumba, ndipo kuti mumvetse chifukwa chake, ndiyenera kunenapo za agogo.

Agogo aamuna anachokera ku Ntcheu m'masiku a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963. Anadzera ku Tete monga anyamata ena ambiri amene ankati akupita ku Halale kukafuna ndalama ya msonkho ndi njinga. Anapeza ntchito m'mafakitale a ku Workington, ndipo pamene Kambuzuma inakhazikitsidwa mu 1964 ngati malo amene munthu wakuda akanatha kugula nyumba yakeyake, iwo anapezako kanyumba kakang'ono kamene mwini wake ankayenera kukakuza yekha. Anakakuzadi, chipinda ndi chipinda. Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyo amene ankaumba njerwa Loweruka lililonse ankanena chaka ndi chaka kuti tikakolola tikupita kwathu. Sutikesi yawo inkakhala pamwamba pa kabati. Chimanga ankalola kudzala, pakuti chimanga ndi cha miyezi inayi, koma mtengo ankaukana kwamtuwagalu. "Mlendo ndi mame," ankatero. "Kodi mame amadzala mango?"

Agogo aakazi sanatsutsane nawo. Anangokwirira nthanga ya mango pafupi ndi mpanda, n'kumathirapo madzi otsukira mbale. Mtengowo lero ndi wautali kuposa nyumba, ndipo ntchito yanga ina ya mu Okutobala ndi kusadza nthambi zake kuti mphepo ya mkuntho isazigwetsere padenga. Onse awiri anaikidwa m'manda a muno mu Harare. Kumudzi amawawerengera m'gulu la matchona.

Ndikaganiza za iwo, ndimaona kuti kwa banja lochokera kutali, kumata denga ndi kusosa kamunda ndi njira yonenera kuti chaka chino tikhala, ngakhale pakamwa pakunena zina. Ndipo panali nthawi imene dziko silinkafuna kumva mawu amenewo. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu ambiri obadwira muno kwa makolo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anapezeka kuti si nzika, zitupa zawo zikuwatcha alendo, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 anawatsegulira njira yobwezeretsa unzika wawo. M'zaka zonsezo amayi, amene Ntcheu anaiona kawiri kokha, sanalumphe dzinja n'limodzi lomwe osadzala.

Kamundako n'kakang'ono, mizere khumi ndi iwiri basi, koma kali ndi malamulo ake. Chilimwe chonse pamakhala covo, repu ndi tsunga, ndiwo za kuno zothirira ndi ndowa. Mu Okutobala zimenezi zimazulidwa, timathira manyowa a nkhuku, n'kuunda mizere ikuluikulu ya Chimalawi imene anansi ankaiseka kuti ikufanana ndi manda a ana. Mbewu timagula yocha msanga, ija ya Seed Co imene kuno ili ndi chizindikiro cha tsoko ndipo ku Malawi amaitcha kanyani. Nyani yemweyo, ziyankhulo ziwiri. M'mphepete mwa mizere amayi amaponya nthanga za maungu ndi khobwe zimene amasunga m'botolo la phulusa. Bonongwe, luni ndi chisoso sizidzalidwa, zimamera zokha, ndipo mwana amene angazizule poganiza kuti ndi udzu amamva mawu. Munthu wophunzira za chuma angaseke zokolola zake, pakuti sizidzaza ngakhale matumba awiri. Koma mu 2008, mashelefu a m'masitolo ali mbee ndipo ndalama ikutha mphamvu munthu ali pamzere, nkhwani ndi mondokwa za kuseri kwa nyumba ndizo zinatifikitsa ku masika.

Pakati pa kamundako ndi mpanda pali simenti yoyalidwa pansi, yotalika mapazi khumi ndi asanu, yopanda makoma. Pamenepo panali zipinda ziwiri zimene agogo anamangira amalume atakwatira, chimodzi chawo, china cha munthu wa lendi. Zinagwa mu 2005, pa Operation Murambatsvina, imene inayamba mu Meyi, kumayambiriro kwa chisanu. Lipoti la Anna Tibaijuka, nthumwi ya United Nations, linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera chakudya. Kwathu uthenga unali wakuti mwini agwetse yekha asanabwere omugwetsera. Amalume anabwereka nyundo yaikulu n'kuphwanya ndi manja awo makoma amene bambo awo anaumba. Okutobala wa chaka chimenecho sitinayambe ndi denga. Tinayamba ndi kutuntha zibuma kuti tipeze dothi. Chaka chisanathe amalume anali ku Johannesburg.

Simenti imeneyo ndiyo mlandu wa banja lathu, ndipo umadzuka nthawi yokonzekera dzinja. Amalume amatumiza ndalama ndi mauthenga pafoni: timange zipinda mvula isanayambe, tiikemo anthu a lendi, pakuti lendi imabwera mwezi uliwonse, kugwe mvula kapena chilala. Satero mwachibwana. Nyumba zambiri za mumsewu mwathu zinamanganso kuseri, ndipo zina zatsala ndi kanjira kongodutsa munthu mmodzi. Amayi akufuna simentiyo iswedwe, mizere iwonjezeke. Amati sangagone tulo m'nyumba imene ili ndi khoma loyembekeza nyundo. Amatinso dothi likaphimbidwa lonse madzi amasowa kolowera, ndipo apa akunena zoona: pamene mabwalo ambiri awakidwa simenti, mvula ya theka la ola imasandutsa msewu mtsinje.

Kukanakhala kumudzi, nkhaniyi ikanatha msanga, pakuti mwini mbumba akalankhula, mlongo wake ndi ana ake amamvera. Koma umwini mbumba wodzera pa WhatsApp ndi wopepuka, ndipo amene amagwira makwerero ndi kufukula ngalande ndi amayi. Amayankha mwaulemu wonse: "Ndamva, achimwene. Tiona mvula ikatha." Mvula yatha kangapo konse chiyambire kunena zimenezo.

Ine mtima wanga uli kwa amayi, ngakhale masamu ali kwa amalume. Ndimamvetsanso kuti iwo sakufuna lendi yokha. Munthu amene anagwetsa nyumba yake ndi manja ake amafuna kuiona itaimanso, kuti tsiku limene Johannesburg idzamutope adzakhale ndi chitseko chakechake chogogoda. Nawonso ali ndi sutikesi pamwamba pa kabati, kungoti kwawo kumene amanena ndi Kambuzuma.

Chaka chatha njerwa zawo zinafika pa lole, ndipo tinazisanja m'mbali mwa mpanda n'kuziphimba ndi pulasitiki wakuda. Simenti sinaswedwe. Amayi anatolera matayala akale ndi matumba a feteleza, anawadzaza dothi losakaniza ndi manyowa, n'kuwandandalika pamwamba pake, ndipo anadzalamo tomato, tsabola ndi therere. Maungu a m'mizere yakumapeto anawalozetsa komweko. Pofika Januwale anali atayanga simenti yonse, atakwera mulu wa njerwa, ndipo dzungu limodzi linakhwimira pamwamba penipeni pa pulasitiki. Mdzukulu wawo analijambula n'kutumiza ku Johannesburg. Amalume anayankha ndi funso limodzi lokha, lofuna kudziwa ngati nthanga zake ndi zija za agogo, ndipo anapempha kuti wina akamabwera pa basi awatengereko pang'ono, pamodzi ndi mfutso.