Moto wa M'mimba

Tidaphunzira kulemekeza mimba yathu tili kutali ndi kwathu, ku Kerala, kumwera kwa dziko la India, kumene akuluakulu athu adatitumiza kukapitiriza maphunziro. Chakudya cha kumeneko n'chokoma ndithu: mpunga ndi nsomba zothira tsabola ndi bwemba. Koma ife tinkadya mothamanga, tinkamwa tiyi wakuda usiku kuti tulo tisatigwire pa mabuku, ndipo tinkagona mimba ili tho. Pasanathe miyezi itatu chilungulira chidatigwira. Moto unkakwera kuchokera m'chifu kufika kummero, ndipo m'maŵa pa Misa mawu ankatuluka osasa.

Mayi wina wachikulire amene ankatiphikira adatimvera chisoni, natiperekeza kwa sing'anga wa Ayurveda, amene kumeneko amamutcha vaidya. Dzina lakuti Ayurveda n'la chilankhulo cha Sanskrit, ndipo litanthauza nzeru za moyo. Si zamatsenga ayi: boma la India lili ndi sukulu zake, ndipo mu 2014 lidakhazikitsa unduna woyang'anira mankhwala ameneŵa.

Tinkayembekeza botolo, koma mkuluyo adayamba ndi mafunso. Mumadya nthaŵi yanji? Mumagona nthaŵi yanji? Kodi mumapsa mtima msanga? Tidachita manyazi, pakuti ife amene tidazoloŵera kufunsa ena za moyo wawo tidapezeka tikufunsidwa za moyo wathu.

Adatifotokozera kuti m'chiphunzitso chawo thupi limayendetsedwa ndi mphamvu zitatu: vata, pitta ndi kapha. Pitta ndiye kutentha, ndipo m'mimba muli moto wogaya chakudya wotchedwa agni. Tsabola, zoŵaŵasa, moŵa, mkwiyo ndi kudya chakudya china chisanagayike, zonsezi zimachulukitsa pitta, ndipo nthenda yake amaitcha amlapitta. Adatikumbutsanso langizo la m'buku lawo lakale la Charaka Samhita, lakuti chifu chigaŵidwe patatu: gawo limodzi la chakudya, lina la chakumwa, lachitatu likhale lopanda kanthu. Mayi aliyense amene adaphikapo phala akudziŵa kuti mphika wodzaza mpaka kukamwa umasefukira ukaŵira.

Mankhwala adabwera pomalizira: ufa wa kachipatso kotchedwa amla, muzu wotsekemera wa yashtimadhu, ndi madzi oŵiritsa ndi njere za jeera, amene anthu a ku Kerala amamwa pa chakudya. Tidachepetsa tsabola ndi tiyi, tidayamba kudya dzuŵa litangoloŵa, ndipo moto uja udazilala. Sitingalumbire kuti udazimitsidwa ndi ufa uja. Madokotala a m'zipatala nawonso amalangiza zofanana: kudya pang'onopang'ono, kudikira maola atatu musanagone, kusiya fodya ndi moŵa. Mwina mankhwala enieni adali kudziletsa kumene.

Koma tikadakhala osakhulupirika kwa inu, aŵerengi athu, tikadalekera pamenepa. Mnzathu wina amene tinkaphunzira naye adaona kuti tachira, nayamba kugula ufa womwewo m'sitolo popanda kufunsa munthu. Adamwa miyezi yambiri, uku akuwonda. Tsiku lina adasanza magazi. Kuchipatala adampeza ndi chilonda cha m'mimba choyambitsidwa ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, kamene madokotala aŵiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, adakatulukira mu 1982, nalandira mphotho ya Nobel mu 2005. Kachilombo kameneka kamaphedwa ndi mankhwala a kuchipatala, kaŵirikaŵiri m'masabata aŵiri okha. Mnzathuyo adachira, koma adafika pakamwa pa manda. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Ngakhale mankhwala azitsamba ali ndi ngozi zake. Yashtimadhu akachuluka amakweza kuthamanga kwa magazi. Ndipo mu 2004 ofufuza a mumzinda wa Boston ku America adayeza mitundu 70 ya mankhwala a Ayurveda ogulitsidwa m'masitolo, napeza mtovu kapena zitsulo zina zapoizoni mu mitundu 14.

Nkhaniyi ikutikhudza ifenso kuno, pakuti Malaŵi ndi limodzi mwa maiko amene khansa ya kummero imagwira anthu ambiri. Choncho bambo wa m'nyumba akayamba kuvutika kumeza nsima, akamawonda, akasanza magazi, kapena chimbudzi chikada ngati makala, musataye nthaŵi ndi ufa kapena soda. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Kwa vaidya uja tidatengako mwambo umodzi umene tikuusungabe mpaka lero. Mbale ikafika, timakhala pansi, timadya mosafulumira, ndipo timasamba m'manja m'mimba mukadali malo.