Furancungo: Galimoto Ziime Pati?

Furancungo, likulu la boma la Macanga m'chigawo cha Tete, ndi tauni ya kumtunda, pakati pa mapiri ndi minda ya chimanga, nyemba ndi fodya. Munthu amafikako kuchokera ku Ulongwe kudzera ku Domue, kapena kuchokera mumzinda wa Tete atapatuka pa mseu wopita ku Zambia. Amene adalidziwa derali panthawi ya nkhondo amakumbukira kuti galimoto inali chinthu chosowa. Miseu idamera thengo, anthu ambiri atathawira ku Malawi. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu adayamba kubwerera m'zaka za 1993 ndi 1994, ambiri atasenza katundu pamutu.

Lero nkhani ndi ina. Ulimi wa fodya wa bale udakula m'boma la Macanga, ndipo kampani ya Mozambique Leaf Tobacco imatenga fodya wa alimi kupita naye ku fakitale yake ku Tete. Mvula ikangotha, malole amayamba kulowa m'tauni muno kudzanyamula mabelo, ena chimanga ndi nyemba. Pamodzi ndi malolewo pali ma chapa odikira anthu, mapikapu a ogula mbewu, njinga zamoto za kabaza ndi ngolo za ng'ombe. Zonsezi zimafuna malo amodzi, omwe ndi pafupi ndi msika, chifukwa ndi pomwe pali anthu, chakudya ndi ndalama.

Apa ndi pomwe pagona madandaulo a eni tauni. Mwini golosale safuna lole itseke khomo lake tsiku lonse, ogula n'kumangodutsa. Mayi woyala tomato ndi masamba m'mphepete mwa mseu amaopa galimoto yobwerera m'mbuyo komanso fumbi lothira malonda ake. Makolo nkhawa yawo ili pa ana a sukulu, poti mwana akatulukira kuseri kwa lole yoima, woyendetsa njinga yamoto samuona msanga. Nthawi ya dzinja, lole yolemera ikagona m'mbali mwa mseu wafumbi imagumula ngalande, madzi n'kulowera m'mabwalo a nyumba za anthu.

Nawo madalaivala ali ndi zawo. Munthu wonyamula katundu wa ndalama zambiri sangagoneke galimoto kutchire kwamdima. Amafuna pomwe pali kuwala, mlonda ndi malo odyera. Wa chapa akaima kutali ndi msika, anthu amakwera ya mnzake. Komanso mlimi wochokera kumudzi ndi matumba ake safuna kuwasenza mtunda wautali. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Galimoto zomwe zikutseka makomo ndi zomwezo zimabweretsa sopo, mchere, malata ndi feteleza.

Lamulo lilipo. Malamulo a pamseu a dziko la Mozambique, omwe adatuluka m'chaka cha 2011, amasiyanitsa zinthu ziwiri. Kuima pang'ono kuti munthu akwere kapena atsike, kapena kuti katundu atsitsidwe msanga, ndi china. Kuisiya galimoto pamalo nthawi yaitali ndi chinanso. Malamulowo amaletsa kuimika galimoto pamlatho, pokhota posaoneka bwino ndi pomwe anthu amaolokera mseu, ndiponso amaletsa kuisiya itatseka polowera pakhomo la munthu. Lamuloli ndi la dziko lonse, choncho likugwira ntchito ku Furancungo monga momwe likugwirira ku Maputo, ndipo apolisi apamseu ndiwo amaliyang'anira.

Vuto ndi loti lamuloli limanena pomwe galimoto isaime, koma silisankhira tauni iliyonse pomwe galimoto ziziima. Ntchito imeneyo ndi ya olamulira malowo. Ku Maputo khonsolo ya mzinda idalemba mizere m'miseu ya pakati pa mzinda, ndipo woimika galimoto amalipira malinga ndi nthawi. Ulongwe, m'boma loyandikana nalo la Angonia, idakhala ndi khonsolo yakeyake m'chaka cha 2008. Furancungo ilibe khonsolo yotere, kotero nkhani za misika ndi miseu ya m'tauni zili m'manja mwa boma la Macanga, mothandizana ndi mafumu ndi alembi a m'madera. Ku Tsangano, komwe malole amatsata mbatata ya kachewere, zinthu zili chimodzimodzi.

Za mizere ndi matikiti a ku Maputo sizingathandize pa mseu wopanda phula. Chomwe chingathandize tauni ngati Furancungo ndi bwalo limodzi la malole, lothira miyala, lokhala ndi mlonda ndi chimbudzi, losatalikirana kwambiri ndi msika. Ma chapa akhale ndi siteji yawo, a kabaza yawonso, ndipo pakhomo la sukulu ndi la chipatala pakhale poyera nthawi zonse. Ngati pali msonkho, ukhale wodziwika kwa aliyense ndipo wolipira alandire lisiti, kuopa kuti ndalama zingathere m'matumba a anthu.

Nthawi yabwino yokambirana zimenezi ndi ya dzinja, fodya akadali m'munda, osati malole atafika kale pamzere. Pabwalopo pakhale a boma, mafumu, amalonda a mumsika, madalaivala ndi makampani ogula mbewu, popeza malole ambiri amabwera chifukwa cha iwo. Amayi oyala malonda m'mphepete mwa mseu asaiwalike, chifukwa lamulo likasintha ndiwo amayamba kusamutsidwa. Anthu a m'midzi nawonso afunsidwe kudzera mwa mafumu awo, poti ndi mbewu zawo zomwe malolewo amadzatenga.