Phesi ndi Ngala

Kwathu kwa Malemia, kuseri kwa nyumba ya agogo, kuli mitengo ya mango imene pansi pake sipadutsa tsache. Masamba amangounjikana, mvula ikagwa n'kumaola, ndipo ife tili ana tinkaponda pamenepo popita ku mtsinje wa Domasi, osadziŵa kuti kunsi kwa mapazi athu kungakhale mudzi wina. Za mudzi umenewu ndinadzazimva ndili kale pa koleji kuno ku Zomba, m'kalasi ya sayansi ya zamoyo, ndipo kuyambira tsikulo mtima wanga sunakhale m'malo.

M'dothi la masamba oola mumakhala tizamoyo ta selo limodzi totchedwa amiba, tosaoneka ndi maso. Mtundu wina, umene akatswiri amautcha Dictyostelium discoideum, anaupeza Kenneth Raper m'nkhalango ya ku North Carolina, naulengeza mu 1935, ndipo abale ake ali m'dothi la maiko ambiri. Chakudya chake ndi mabakiteriya. Chakudyacho chikakhalapo, kalikonse kamayenda kokha, kudya kokha, osalabadira kanzake. Koma njala ikagwa, tina timayamba kutulutsa mankhwala otchedwa cAMP, amene John Bonner ndi anzake anawazindikira mu 1967 kuti ndiwo mfuu yoitanira. Tinzake tikamva timakwaŵira komweko, natonso tikuitana tina, kufikira tokwana ngati 100,000 titagwirana ndi kusanduka kanthu kamodzi konga nkhono yopanda chigoba. Kanthuko kamakwaŵa kulondola kuŵala, kenaka kamaima. Apa ndiye pagona nkhani. Mwa maselo 5 aliwonse, pafupifupi limodzi limauma ndi kufa kuti likhale kaphesi, ndipo otsalawo amakwera pamwamba pa kaphesiko nasanduka timbewu, kudikira kachilombo kodutsa kuti kawanyamule kumka kumene kuli chakudya.

Aphunzitsi akujambula zimenezi pa bolodi, anzanga ankalemba mofulumira poopa mayeso. Ine cholembera chinaima, chifukwa kaphesiko ndinakazindikira nkhope.

Mu 2024 mvula inadula chimanga chili pafupi kumasula, ndipo mu Malichi chaka chomwecho boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Nditapita kumudzi pa tchuthi ndinapeza nyumba zinayi za mbumba ya agogo, zimene kale iliyonse inkafuka utsi wakewake, zikuphika mphika umodzi. Amene anali asanalankhulane chiyambire mkangano wa malire a dimba anali kupisa m'mbale imodzi. Palibe anaitanitsa msonkhano; inaitana ndi njala. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, ndipo ndinaona kuti nako kanyamako kamadziŵa mwambi umenewu.

Ufa wa mphikawo unkachokera kwa achemwali anga. Iwo ndiwo ankalaŵirira m'mamaŵa kumka pa Songani ndi dengu la tomato pamutu. Ndiwonso amene zaka zapitazo anasiya sukulu ali Folomu 2, pamene ndalama za fizi zinakwanira mwana mmodzi yekha, ngakhale kuti masamu ankakhoza kuposa ine. Tsiku lobwerera ku koleji anandiperekeza mpaka pa msewu, namasula mfundo ya pa chitenje kundipatsa ndalama yokwerera minibasi. Nditakana, anati, "Achimwene, landirani. Inu mukakhoza ndiye kuti takhoza tonse." Ndinalandira, monga ndimalandirira nthaŵi zonse.

Kodi n'zoona kuti ndikakhoza ndiye kuti takhoza tonse? Funso limeneli ndilo linandibweza ku mabuku, ndipo ndinapeza kuti akatswiri nawonso akulimbana nalo, ngakhale kuti iwo amalifunsa za maselo. Kusonkhana kwa obwera kuchokera uku ndi uku kuli ndi chilema chake. Mu 2000 Joan Strassmann ndi David Queller anasakaniza amiba a mawere osiyana, napeza kuti ena amachenjera: amadzaza pamwamba, ntchito ya kufa n'kusiyira anzawo. Pamene pali dima sipaloŵa okhaokha ogwira khasu, pamabweranso odzangomwa thobwa.

N'chifukwa chake ambiri amati nyama, kuphatikizapo ife anthu, sizinayambe ndi msonkhano wotere, koma ndi ana okana kusiya nyumba. Abale apafupi kwambiri a nyama ndi tizamoyo ta m'madzi totchedwa choanoflagellate, tokhala ndi kamchira kamodzi kozingidwa ndi kolala. Maselo ofanana nato ali m'thupi mwa siponji, ndipo siponji ali ngakhale m'nyanja yathu, wina mpaka anamutcha Malawispongia. Nicole King ndi anzake a ku Berkeley anaonetsa mu 2010 kuti mtundu wina, Salpingoeca rosetta, umapanga kagulu konga duŵa pogaŵikana osalekana: selo limabala linzake, aŵiriwo osatayana, mpaka kagulu kakwana. Ndi mmenenso thupi langa linayambira, ndi dzira limodzi. Selo la pakhungu likafa poteteza mnofu silitaya kanthu, pakuti mbewu imene idzapitirire ndi yake yomwe.

Komabe mlandu sunathe. Pali m'bale winanso wa nyama, Capsaspora, amene anampeza m'kati mwa nkhono za Biomphalaria, za fuko limodzi ndi zija zimafalitsa likodzo la m'matumbo kwathu kuno. Akatswiri a ku Barcelona anaonetsa mu 2013 kuti iyeyu amasonkhana monga amiba aja, ndiponso ali nazo zina mwa zipangizo zimene maselo athu amagwiranirana. Kotero n'kutheka kuti kholo la nyama zonse, zaka zoposa 600 miliyoni zapitazo, linkadziŵa njira zonse ziŵiri, ya chibale ndi ya njala.

Ine ndi achemwali tili pakati pa njira ziŵirizi. Chibale ndi fupa, sichiola, koma sitili thupi limodzi. Iwo ali ndi mimba yawo imene imamva njala payokha, ali ndi mutu wawo umene unkakonda masamu, ndipo digiri ikadzatuluka idzalembedwa dzina limodzi lokha. Tiyang'anane bwino, anzanga a pa koleji pano: ambiri a ife tinakwera pa msana wa wina amene anatsala kumudzi, ndipo timakonda kunena kuti tinafika pano ndi nzeru zathu. Nayo ngala ikadakhala ndi pakamwa bwenzi ikunena chimodzimodzi.

Kambewu ka amiba kakanyamulidwa sikabwerera, ndipo ngakhale kakadabwerera kakadapeza kaphesi katauma kale. Pamenepa pokha ndi pamene ndasiyana nako. Achemwali akali moyo, ndipo mwana wawo wamkazi ali Sitandade 6, naye masamu sam'vuta. Tchuthi chapitachi tinakhala pansi pa mango aja, ine ndikum'thandiza kugaŵa manambala, ndipo anandifunsa ngati kukoleji amalandira atsikana a kwa Malemia. Ndinati amalandira. Amayi ake anali chapafupi akusankha tomato wa maŵa. Sanadzutse mutu, koma manja awo anayamba aima.