Ndinasiya ntchito yokhazikika kuti ndisasiye kuchiritsa amayi

Ndine dokotala wa amayi oyembekezera ndi matenda a amayi. Udokotala ndinauphunzira ku College of Medicine ku Blantyre, sukulu imene mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Ukatswiri wa za uchembere ndinautengera konkuno, pakuti kuyambira 2013 maphunziro amenewa a zaka 4 anayamba kuperekedwa m'dziko muno, pamene akuluakulu athu ankachita kukawafuna ku South Africa kapena ku Ulaya. Ntchito imeneyi sindinagweremo mwangozi. Ndinaifuna, ndinaivutikira, ndipo ndimaikondabe. Koma inatsala pang'ono kundipha, ndiponso banja langa linatsala pang'ono kupasuka.

Matenda ena amalola kuti kuche. Mimba siidikira munthu. Mayi akataya magazi opitirira theka la lita atangochira kumene, timadziwa kuti zafika poipa, ndipo akapanda kuthandizidwa akhoza kumwalira m'maola awiri okha. Pachipatala chachikulu pamene ndinkagwira, odwala ankabwera pa ambulansi kuchokera m'maboma otizungulira, ambiri zitakanika kale kumene achokera: wina chiberekero chang'ambika, wina akukomoka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, wina mwana wafera m'mimba dzana. Akatswiri tinalipo owerengeka. Kukhala pa kolo kunali kuyamba m'mawa, kuchezera ku fiyeta usiku wonse, kukacha n'kuyendera odwala m'mawodi, masana n'kukhalanso ku kiliniki. Lamulo la ntchito la mu 2000 limati munthu asapitirire maola 48 pa sabata, koma kwa ife sabata inkafika pakati maola amenewo titawadutsa kale.

Malipiro nawo sankafika kumapeto a mwezi. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Lendi inakwera, fizi ya ana inakwera, ndipo kumudzi aliyense ankadziwa kuti m'banja mwathu muli dokotala. Choncho madzulo ndi Loweruka, nthawi imene ndikanapuma, ndinkathamangira ku zipatala zolipiritsa kukagwira lokamu, ntchito yogwirizira yolipidwa padera. Anzanga ambiri amatero mpaka lero, ndipo sindingawadzudzule. Kungoti lokamu yowonjezera pamwamba pa ntchito yolemetsa kale imadya nthawi yokhayo imene inatsalira thupi ndi banja.

Kunyumba ndinasanduka mlendo. Ndinkachoka ana ali mtulo, n'kubwera atagona. Mwana wathu wamkazi atatha msinkhu anauza azakhali ake, monga mwambo umalolera, koma ine mayi wake, amene ndimalangiza ana a eni za zomwezo tsiku ndi tsiku, ndinadzamva patapita miyezi. Sanandibisire dala. Anangosowa tsiku londipeza ndili maso. Abambo akunyumba ndi munthu wofatsa, ndipo anapirira nthawi yaitali osadandaula. Tsiku lina anandikhazika pansi n'kunena kuti: "Mayi, ntchito yanu sindikulimbana nayo. Koma ana akadwala ndimapita nawo kwa dokotala wina, akakhala ndi nkhawa amauza anthu ena. Mundiuze, ife mwatisiyira nthawi iti?" Ndinasowa choyankha.

Chimene chinandithyola msana chinachitika m'nyengo ya holide ya Khirisimasi. Nthawi imeneyi magazi amasowa m'zipatala chifukwa ambiri opereka magazi m'dziko muno ndi ana asukulu. Anatibweretsera mtsikana wa mimba yoyamba, atachira kutali, nsengwa itakanirira, atataya magazi njira yonse. Tinachita zonse zimene tikanatha. Tinamubaya mankhwala okhwimitsa chiberekero, tinamuthira madzi m'mitsempha, mpaka tinachotsa chiberekero chenichenicho. Magazi oti timupatse anali ochepa. Anamwalira kusanache, mayi ake ali panja atafungatira khanda. Ndinatuluka kukawauza, kenaka ndinasamba m'manja n'kulowanso mu fiyeta, chifukwa amayi ena anali pamzere kudikira opaleshoni.

Kuchokera tsiku limenelo tulo tinandithawa. Foni ikalira mtima unkagunda ngati ndikuthamanga. Chimene chinandiopsa kwambiri n'choti ndinayamba kuona amayi akulira ndi ululu ine osamva kanthu mumtima, ndikungowerenga kuti atsala angati. Bungwe la World Health Organization mu 2019 linavomereza kuti kutheratu mphamvu chifukwa cha ntchito ndi vuto lenileni, ndipo zizindikiro zake ndi zomwezo: kutopa kosatha, kuuma mtima pa ntchito, ndi kulephera kugwira monga kale. Mzamba wina wachikulire amene tinkagwira limodzi anandikokera pambali, nandiyeza BP mokakamiza. Ataona nambala zake anati: "Adokotala, mwana wanga, mukapanda kupuma tidzakugonekani pabedi lomweli." Pasanapite nthawi ndinasinza ndikuyendetsa galimoto pochokera ku kolo, n'kudzidzimuka ndili mu ngalande. Mulungu anandisunga, sindinavulale ndipo sindinagunde munthu.

Ndinapempha kuti andichepetsere masiku ogwira ntchito. Anandiyankha kuti udindo wanga ulibe theka. Masiku a tchuthi ndinali nawo ambiri papepala, koma ndikapita, wotsala pa kolo ndani? Popeza zaka zimene ndinalonjeza kugwira pobwezera maphunziro zinali zitakwana, tinapemphera ndi abambo akunyumba, tinawerengera ndalama, ndipo ndinalemba kalata yosiya ntchito. Amayi anga zinawapweteka. "Zaka zonsezi mwaphunzira kuti mukhale waganyu?" Ndinawamvetsa. Iwo anagulitsa mbewu ndi ziweto kuti mwana wawo adzakhale pantchito ya penshoni.

Nditasiya, ndinayamba kugwira ntchito za kontilakiti. Kontilakiti yoyamba inali pachipatala china cha mishoni, kumene dokotala wawo anapita kusukulu. Zipatala za mipingo zimene zili pansi pa bungwe la CHAM zimathandiza anthu ambiri akumidzi, ndipo dokotala mmodzi akachokapo dzenje lake limaoneka. Kumeneko zinthu zinaipa kuposa kumene ndinachoka. Tinangogwirizana pakamwa. Popeza katswiri ndinali ndekha ndipo nyumba inali kuseri kwa wodi, ankandigogodera usiku uliwonse, ngakhale pa zinthu zoti azamba akanatha okha. Malipiro anachedwa miyezi. Ndinabwerera kunyumba nditatopa chimodzimodzi, m'thumba mulibe kanthu, ndipo ndinayamba kuganiza zosiyiratu udokotala n'kuyamba bizinesi.

Amene anandibweza ndi dokotala wina wamkulu, wopuma pantchito, amene ndinapita kukamudandaulira. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anandifunsa zimene zinalembedwa mu kontilakitiyo. Nditanena kuti panalibe cholembedwa, anatenga pepala, tinayamba kulemba limodzi. Pepala limenelo ndi limene ndimayendera mpaka pano. Ndisanavomere ntchito, pamafunika palembedwe kuti pa sabata ndidzakhala pa kolo mausiku angati, ndipo ndikachezera, tsiku lotsatira ndi lopuma. Palembedwe dzina la udindo wa munthu amene adzagwire foni ine ndikapuma, tsiku la malipiro, ndi amene adzalipire nyumba ndi mafuta a galimoto. Ndimafunsanso ngati pali wogonetsa odwala pa opaleshoni usiku, ngati furiji yosungira mankhwala okhwimitsa chiberekero a oxytocin imagwira ntchito magetsi akazima, komanso kumene magazi amachokera. Ena amaona ngati ndikudzikweza. Koma mafunso amenewa amateteza mayi wodzachira kuposa mmene amanditetezera ine, ndipo chipatala chimene chakana kuwayankha ndimachisiya mwaulemu.

Chachiwiri chimene chinandithandiza n'choti tinagwirizana ndi anzanga awiri amene anali m'mavuto ofanana ndi anga. Mmodzi anali ndi khanda, ndipo masabata 8 a tchuthi cha uchembere amene lamulo limapereka anali atamuthera mwana asanalimbe. Tinayamba kutenga kontilakiti imodzi n'kumasinthana. Wina akakhala kuchipatala, wina ali kwawo ndipo foni yake ya ntchito ndi yozimitsa. Poyamba kuzimitsa foni kunkandivuta kwambiri. Ndinkadzuka pakati pa usiku n'kumaganiza za mayi amene ndamusiya ali ndi BP yokwera. Zinanditengera nthawi kukhulupirira kuti mnzanga ali ndi manja ngati anga, ndipo kuti ndikamulembera bwino za wodwala aliyense, mankhwala amene walandira ndi chimene ndikuopa, wodwalayo sanasiyidwe.

Chachitatu ndi chimene ndimachikonda koposa. M'zipatala za m'maboma, maopaleshoni ambiri a amayi oyembekezera amachitidwa ndi makiliniko ofesala, osati madokotala, ndipo amayi ambiri amachira m'manja mwa azamba. Imfa za amayi zinatsika kuchoka pa 984 mwa amayi 100,000 ochira ana amoyo mu 2004 kufika pa 439 m'kafukufuku wa 2015 ndi 2016, ndipo makiliniko ofesala ndi azambawa ndi amene anasenza gawo lalikulu la ntchitoyo. Kale ndinalibe mpata wowaphunzitsa, ndinkangolanda mpeni n'kuchita ndekha kuti zithe msanga. Tsopano ndikafika pamalo, ndimaima mbali ina ya tebulo n'kumulola kiliniko ofesala kuti achite, ine ndikumuwongolera. Ndi azamba timayeserera za mayi wotaya magazi mpaka aliyense adziwe pogwira. Kafukufuku wa WOMAN wa mu 2017 anasonyeza kuti mankhwala a tranexamic acid amachepetsa imfa zobwera chifukwa chotaya magazi akaperekedwa pasanathe maola 3 mayi atachira. Wina wa E-MOTIVE, amene anachitikira ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania n'kutuluka mu 2023, anapeza kuti kuyeza magazi otayika ndi pulasitiki yokhala ndi manambala, n'kupereka chithandizo chonse nthawi imodzi m'malo moyesa chimodzichimodzi, kunachepetsa kutaya magazi koopsa ndi pafupifupi 60 peresenti. Zimenezi mzamba akhoza kuyamba dokotala asanafike. Azamba akalimba mtima chotere, amandidzutsa pa zinthu zofunikadi ine, ndipo ndikachoka luso limatsala pamalopo.

Sindikufuna kunamiza achinyamata amene akubwera m'mbuyo mwathu kuti njira imeneyi ndi yofewa. Wa ntchito yokhazikika bwana wake amamuikira 10 peresenti ya malipiro ku penshoni, iye n'kuwonjezera 5. Ine ndimadzisungira ndekha, ndipo mwezi wosowa kontilakiti palibe cholowa. Ndikadwala palibe wondilipira. Chiphaso cha ku Medical Council of Malawi ndi maphunziro owonjezera ndimalipira ndekha. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi amayi a khansa ya khomo la chiberekero, matenda amene Malawi ali m'gulu la maiko okhudzidwa kwambiri padziko lonse. Mayi wotere amafuna dokotala woyenda naye ulendo wonse, pamene ine ndimamuona, ndimamuchita opaleshoni, kontilakiti n'kutha. Ndimasiya kalata yatsatanetsatane ndipo ndimaimba foni kufunsa, komabe si chimodzimodzi.

Ndimadziwanso kuti nditachoka, anzanga amene anatsala katundu wawo anawonjezeka. Chifukwa chake sindinganene kuti aliyense asiye ntchito yokhazikika, pakuti zipatala zikuluzikulu zikhoza kugwa. Chimene ndimapempha olemba ntchito n'choti pakhale maudindo a masiku ochepa pa sabata, ndiponso ndalama yolembera dokotala wogwirizira pamene wina ali patchuthi. Zikanakhalapo, ine sindikanachoka. Dziko limawononga zaka zoposa 10 kuti lipeze katswiri mmodzi wa uchembere, ndipo kumutaya chifukwa chomumana tulo ndi kuluza kwakukulu.

Lero BP yanga inatsika ndipo ndimagona. Mtima wanga unabwerera: mayi akalira ndimamva, ndipo khanda likalira koyamba ndimasangalala monga ndinkachitira ndili wophunzira. Mwana wathu wamkazi amandiuza zakukhosi kwake tikuphika, ndipo mng'ono wake ndimamuthandiza masamu pokonzekera mayeso a Sitandade 8. Amayi anga atadwala chaka chatha ndinakhala gadiyani wawo m'chipatala mpaka anatuluka, chinthu chimene kale sichikanatheka, ndipo za ganyu sanazitchulenso. Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha mzamba uja, dokotala wamkulu uja, anzanga awiri aja, ndi abambo akunyumba amene anasenza banja okha miyezi imene ndinalibe malipiro. Chipatala chimene ndinachoka chija chinandiitana posachedwa kuti ndizikathandiza kuphunzitsa madokotala achinyamata masiku awiri pa sabata, ndipo ndavomera, zonse zitalembedwa.