Zimbale za achimwene ku London

Munthu amene sanalowe m'nyimbo za classical amavutika kumvetsa chifukwa chimene munthu wanzeru zake, wodziwa kuwawa kwa ndalama, amagulira nyimbo imene ali nayo kale m'nyumba. Ukagula chimbale cha Daniel Kachamba wagula Kachamba, nkhani yathera pomwepo. Koma symphony yachisanu ya Beethoven, imene inamveka koyamba ku Vienna mu 1808, mwini wake sanaisiye pa chimbale. Anasiya manotsi papepala, ndipo aliyense wotsogolera okestra amawadzutsa m'njira yakeyake. Toscanini amaithamangitsa. Klemperer amayenda nayo molemera, phazi ndi phazi. Carlos Kleiber, pojambula ndi okestra ya Vienna Philharmonic mu 1974, anaikoleza moto kuyambira pa manotsi anayi oyamba aja. Ukamva awiri, khutu limafunsa za wachitatu. Yesero lonse la osonkhanitsa zimbale limamera pamenepa, ndipo munthu amene ndinamuona akulimbana nalo mwaulemu kuposa onse anali achimwene anga, mwana wa amayi aakulu.

Ife nyimbozi tinazidziwira ku mishoni, ndipo tinkadziwako kachidutswa chabe. Aphunzitsi a kwaya ankalemba solofa pa bolodi, ife n'kumakopera m'makope, mpaka Haleluya wa mu Messiah wa Handel atakhazikika m'mutu. Tinkamuimba pa Khirisimasi ndi pa Isitala, limba lopopa ndi mapazi likutiperekeza. Palibe anatiuza kuti Haleluyayo ndi chigawo chimodzi cha ntchito yotenga maola oposa awiri, imene inaimbidwa koyamba ku Dublin mu 1742, yokhala ndi mavayolini, malipenga ndi ng'oma zake.

Nditapita ku London mu 1976 kukachita maphunziro, ndinafikira kwa achimwenewo. Iwo anali atakhalako kuyambira m'ma 1960, akugwira ntchito yowerengera ndalama, ndipo alamu anali namwino. Lamlungu lina titaweruka ku tchalitchi anatulutsa bokosi la zimbale zitatu, Messiah wa Colin Davis wa mu 1966. Anagwira chimbale m'mbali ndi zikhatho, osakhudza mizere yake, n'kuchipukuta ndi kansalu kofewa asanatsitse singano. Nyimbo imene ndinakula ndikuiimba mokoka ndinaimva ikudumpha, yopepuka, mawu alionse akumveka paokha. Itatha, ndisanapeze chonena, anati, "Tsopano tamvera uyu, mphwanga." Anaika Messiah wa Thomas Beecham wa mu 1959, wodzaza zoimbira zimene Handel sanalembe, zinganga zikuombana, phokoso lake lofuna kusasula denga. Manotsi a kwaya anali omwewo, koma anali ngati mauthenga awiri osiyana. Tsiku limenelo ndinaphunzira kumvetsera, ndipo ndi tsiku lomwelo limene chilakolako chinandilowa.

London ya nthawi imeneyo inkadziwa kuchidyetsa chilakolakocho. Mwezi uliwonse kunkatuluka magazini ya Gramophone, imene inayamba mu 1923, yodzaza ndi zimbale zatsopano ndi ziweruzo za akatswiri. Kunali buku lalikulu la Penguin lotsogolera ogula, limene linkapereka nyenyezi imodzi, ziwiri kapena zitatu, ndipo chimbale chimene alembi ake achikonda mwapadera ankachiikira kaduwa pambali. Loweruka m'mawa pa BBC Radio 3 kunali chigawo cha pulogalamu chotchedwa Building a Library, m'mene katswiri ankatenga nyimbo imodzi, kuseweretsa zidutswa za zimbale zake zosiyanasiyana, kugwetsa chimodzichimodzi mpaka patsale chopambana. Achimwene ankamvetsera ali ndi pensulo m'manja. Chopambanacho chikakhala chimene ali nacho, ankasangalala tsiku lonse. Chikakhala china, ankatsutsana ndi wailesi mokweza mawu, kenako masana n'kunena kuti tikangoyendako ku Oxford Street.

Kumeneko kunali sitolo ya HMV, ya chithunzi cha galu womvetsera galamafoni, imene Edward Elgar anatsegulira mu 1921. Zimbale za Deutsche Grammophon zinkakuitana uli patali ndi chizindikiro chake chachikasu, ndipo zinali m'gulu la zodula kwambiri. Makampani ankadziwa bwino lomwe kufooka kwathu. Herbert von Karajan anajambula ma symphony onse asanu ndi anayi a Beethoven ndi Philharmonia m'ma 1950, anabwerezanso ndi Berlin Philharmonic kuchiyambi kwa ma 1960, n'kubwerezanso m'ma 1970, ndipo m'ma 1980 anachitanso kachinayi. Ulendo uliwonse otsatsa ankati kamvekedwe ka tsopano kaposa ka kale. Achimwene anagula a m'ma 1960 aja, ndipo a 1977 atatuluka anakawamvetsera kwa mnzawo n'kubwerako akunena kuti akale aja ali ndi moyo wochuluka. Ndikhulupirira ankanena zoona, ngakhale mtengo wa bokosi latsopanolo unathandizako khutu lawo kuweruza.

Masabata ambiri tinkatuluka m'sitolo muja chimanjamanja, titangogwiragwira ndi kuwerenga zolembedwa kuseri kwa zikuto. Kogula kwenikweni kunali kwina. Kunali zimbale za Classics for Pleasure ndi za Supraphon zochokera ku Czechoslovakia, zimene mtengo wake unali wotsika kwambiri koma oimba ake enieni. Kunalinso timasitolo ta zimbale za kaunjika, m'mene achimwene ankasolola chimbale m'chikuto, kuchipendeketsa pa kuwala kwa getsi, n'kumasaka zokalika. Akapeza kamzere kamodzi ankakambirana mtengo modekha mpaka wogulitsa atatsitsa. Luso limeneli analiphunzirira pa msika wa kwathu, ndipo linkagwira ntchito bwino lomwe kwa Angerezi.

Tsopano ndinene za ndalama, pakuti m'pamene pagona ulemu wanga kwa iwo. Malipiro akabwera, alamu ndi achimwene ankakhala patebulo ndi maenvelopu: ya lendi, ya gasi ndi magetsi, ya chakudya, ya chopereka, ndi ya kumudzi. Ya kumudzi ndiyo inkayamba kudzazidwa. Munthu wa kwathu amene ali kunja sadya malipiro ake yekha. Kumbuyo kwake kuli fizi, feteleza, malata, mankhwala, maliro. Zotsala pambuyo pa zonsezi, kangachepe, ndizo zinkatchedwa za zimbale. Achimwene anali ndi kope lofiira m'mene ankalemba chimbale chilichonse, tsiku logula ndi mtengo wake, ndipo patsamba loyang'anana nalo ankalemba ndalama zimene atumiza kumudzi mwezi umenewo. Analinso ndi lamulo lodziikira okha: osagula chimbale chatsopano usanafike poti chakale ukhoza kuchiimba chamumtima kuyambira poyamba mpaka potsiriza. Lamuloli ankaliswa nthawi zina, makamaka mu January masitolo akatsitsa mitengo, koma la envelopu ya kumudzi sindinawaone akuliswa.

Loto lawo lalikulu linali Ring ya Wagner yotsogoleredwa ndi Georg Solti, imene kampani ya Decca inajambula ku Vienna kuyambira 1958 mpaka 1965: ma opera anayi, pafupifupi maola 15, zimbale 19. Ankaponya makobidi m'chitini cha mabisiketi kwa nthawi yaitali, ndipo chitinicho chinali pafupi kukwana pamene kalata inafika yoti mwana wa mlongo wawo wasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Pankafunika fizi, yunifolomu, bulangete, sutikesi, nsapato. Sanakambirane ndi munthu. M'mawa mwake anapita ku positi ofesi, chitini chinatsala chopanda kanthu. Sabata yotsatira analembetsa ku laibulale ya m'dera lathu, imene inkabwereketsa zimbale pa kandalama kochepa, ndipo Ring yonse tinaimva chigawo ndi chigawo pa zimbale zobwereka, zina zokalika moti singano inkadumpha. Bokosi lawolawo anadzaligula patapita zaka, la kaunjika, kona imodzi itang'ambika. Ankalinyadira kuposa chilichonse pa shelefu.

Alamu sankadana ndi nyimbozi. Akachokera ku ntchito ya usiku ankakonda kumva mawu a Kathleen Ferrier asanagone. Chimene sankachimvetsa chinali kubwereza. Mu 1980 Christopher Hogwood atatulutsa Messiah wa zoimbira zakale ndi kwaya ya anyamata a ku Christ Church ku Oxford, achimwene anabwera nalo bokosilo ali kumwetulira. Alamu anawerenga ndi chala mabokosi a Messiah pa shelefu, n'kunena kuti, "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada." Kenako anatembenukira kwa ine: "Alamu, inuyo musatengere zimenezi." Madzulo omwewo iwo ndi amene anapempha kuti mbali yoyamba ibwerezedwe.

Ndikaganiza tsopano, ndimaona kuti kuchepa kwa ndalama n'kumene kunatipatsa nyimbozo. Chimbale chimodzi chinkalamulira nyumba mwezi wathunthu. Concerto ya cello ya Elgar, imene Jacqueline du Pré anajambula mu 1965 ali ndi zaka 20, John Barbirolli akutsogolera, tinaimva mpaka ndinkadziwa pamene uta wake ukanikize ndi pamene upume. Nthawi imeneyo n'kuti iye atasiya kale kuimba chifukwa cha matenda a multiple sclerosis, ndipo achimwene sankalola munthu kulankhula chimbalecho chikuzungulira. Mbali imodzi inkatenga mphindi zosafika 30, ndiye umayenera kudzuka, kutembenuza, kupukuta, kukhalanso pansi. Sunkachita china chilichonse pambali. Nyimbo imene waidikira miyezi, waiwerengera makobidi, waisenza pa basi pansi pa jekete kuopa mvula, imakulowa mpaka m'mafupa.

Ndinabwerera kumudzi kuchiyambi kwa ma 1980 ndi zimbale zochepa zimene ndinakwanitsa, zambiri za Classics for Pleasure. Kuno zinakumana ndi adani atsopano: fumbi la mu October, kutentha kumene kumapinda chimbale ukachiimika mopendekera, ndi kusowa kwa singano zatsopano. Achimwene ankanditumizira singano m'makalata, atazikulunga m'thonje, pamodzi ndi makaseti amene ankajambula okha.

Yesero lachiwiri linawapeza ine kulibe. CD inafika ku Britain mu 1983, ndipo makampani anayamba kugulitsanso nyimbo zomwe zija kwa anthu omwe aja, ati popanda kulira kwa singano. Achimwene anakana kwa zaka zingapo, kenako anagonja. Mu 1987 kunabwera kampani ya Naxos, imene Klaus Heymann anayambitsa ku Hong Kong, ndipo ma CD ake ku Britain ankagulitsidwa pa mapaundi osafika asanu pamene a makampani akuluakulu ankaposa khumi. Mu 1991, pokumbukira zaka 200 chimwalirire Mozart, Philips inatulutsa nyimbo zake zonse pa ma CD 180. Ana anali atakula, a kumudzi ambiri atayamba kudziimira, ndipo envelopu ya zimbale inanenepa. Nditakawachezera chakumapeto kwa ma 1990, ndinapeza khoma lonse la pabalaza litadzaza, ndipo mabokosi ena anali adakali m'mapulasitiki ake. Iwo eni anandilozera mabokosiwo mosabisa. "Mphwanga, kale ndinkasowa ndalama. Lero ndikusowa maola." Ndinamva chisoni pang'ono, chifukwa lamulo lija la kuimba chamumtima linali litafa, ndipo kugula kunali kutathamanga kusiya kumvetsera m'mbuyo. Komabe sindingawaweruze. Munthu amene anaimirira zaka zambiri pa zenera la sitolo akuwerengera ana a eni fizi ali ndi ufulu wolowa m'sitolomo pa ukalamba wake n'kutenga chimene mtima ukufuna. Ndipo madzulo ambiri pa ulendowo, zimene ankaika zinali zimbale zakale zija za singano.

Achimwene atamwalira, alamu anapeza kuti zimbale zimene zinawerengeredwa makobidi chotero zinalibenso mtengo pa msika. Masitolo othandiza osauka ankagulitsa zoterezi pa paundi imodzi. Zambiri anapereka kumeneko. Ine ananditumizira Ring ya kona yong'ambika ija ndi kope lofiira. M'kopemo muli miyezi imene tsamba la zimbale lili mbee, pamene tsamba loyang'anana nalo ladzaza mpaka m'munsi.

Pa nkhani imodzi sitinagwirizane mpaka mapeto. Glenn Gould, woimba piyano wa ku Canada, anajambula Goldberg Variations ya Bach kawiri: mu 1955 ali mnyamata wa zaka 22, akuthamanga n'kumaliza pa mphindi pafupifupi 38, ndiponso mu 1981, mofatsa, pa mphindi 51, mawu ake akumveka akung'ung'udza pansi pa piyano. Chimbale chachiwiricho chinatuluka mu 1982, ndipo patangopita masabata ochepa Gould anamwalira ali ndi zaka 50. Achimwene anagula zonse ziwiri n'kundijambulira pa kaseti. Iwo ankaima ndi mnyamata wa 1955, ati muli chimwemwe cha munthu amene sanayambe kuopa kanthu. Ine ndinaima ndi wa 1981, ndipo makalata athu a zaka zambiri ali ndi ndime ya mkanganowu pakati pa nkhani za mvula ndi za odwala.

Masiku ano mdzukulu wanga amandipezera zonsezi pa foni, ndipo wandimvetsako Goldberg ina ya Víkingur Ólafsson wa ku Iceland, imene Deutsche Grammophon inatulutsa mu 2023. Ndaimva, ndipo ndikuifuna pa shelefu, ya chizindikiro chachikasu, yoti ndiigwire m'manja. Ndamutuma afunse kwa msuweni wake wa ku Leeds kuti ikugulitsidwa bwanji, ndipo tikagula feteleza wa chaka chino ndidzaona chimene chatsala.