Kuno munthu amadwala yekha

Ntchito yosamalira okalamba kuno ku Cape Town siyambira pa beseni ndi thaulo. Amayamba akupatsa pepala loti usayine, ndipo pepalalo limanena chinthu chimodzi mobwerezabwereza: zimene waona m'nyumba ya wodwala zitsale momwemo. Ife amene sukulu tidaiphunzira m'Chipwitikizi timasayina kaye, tanthauzo lake n'kukafunsa Loweruka ku kalasi ya Chingerezi imene amayi ena odzipereka amachititsa m'holo ya tchalitchi. M'kalasimo muli a ku Congo, a ku Burundi, Amalawi a ku Mangochi, ndi ine ndekha wa ku Lago ku Mozambique, amene aliyense amanditenga ngati Mmalawi chifukwa cha Chinyanja changa.

Mwezi wathawu tidautsiriza pa mawu onena za pakamwa. Aphunzitsi adalemba pa bolodi confidential, disclose, leak, breach, ndipo tidawatsatira pokweza mawu mpaka malilime adazolowera. Kenaka adalemba oversharing. Adati ameneyu ndi munthu amene mwangokumana naye podikira basi, koma wakuuza kale za matenda ake, ngongole zake ndi zimene mwamuna wake adachita usiku wapitawo. Kalasi yonse idaseka. Inenso ndidaseka, koma mtima udali utathawira kale ku Cóbuè, chifukwa zimene amafotokozazo kwathu ndiye moni.

Mukatsikira kugombe m'mawa, mabwato a usipa akungofika kumene, nyali zitazimitsidwa, amayi ataima ndi mabeseni m'madzi ofika m'mawondo, musafunse munthu kuti wadzuka bwanji ngati muli pachangu. Akuuzani kuti mwendo uja watupanso, mwana wachiwiri wagona akutentha thupi, apongozi akana kudya, ndipo mkamwini amene adapita ku Lichinga sadatumize kalikonse chichokereni. Dzuwa lisanafike pamutu, nkhaniyo yadutsa pamsika, yakwera kuseri kwa tchalitchi chachikulu chogumuka chija, yafika kuminda ya chinangwa. Madzulo wina wabwera ndi kondowole, wina ndi utaka wowamba, wina wangobwera kudzakhala pakhonde.

Aphunzitsi athu angati amenewo ndi miseche, ndipo mwina theka lake ndi miseche ndithu. Koma taganizani mmene dziko lathu lidakhalira. Mapiri ali kumbuyo, nyanja ili kutsogolo. Msewu wopita ku Metangula, kumene kuli likulu la boma la Lago, nthawi ya mvula umavuta kwambiri, ndipo Lichinga ili kutali kuposa pamenepo. Chipatala chimene ambiri timathamangirako matenda akakula ndi cha St Peter's pa Likoma, chilumba cha Malawi chimene timachiona ndi maso tili pakhomo. Kuti wodwala aoloke pafunika boti, mafuta, amuna omunyamula, ndiponso munthu wodziwa kuona kumwamba ngati mwera ulola. Zonsezi sizipezeka m'nyumba imodzi. Wobisa matenda kwathu amakhala wabisira mwini boti.

Musaganize kuti anthu a kunyanja sitidziwa kusunga chinsinsi. Funsani msodzi wa chilimira kuti utaka wadzaza bwatowo waupha pa chirundu chiti. Akulozerani ndi mlomo kwinakwake kumadzi, n'kuyamba kukamba za mtengo wa mafuta. Ankhoswe amamva zonyansa zonse za m'banja n'kupita nazo kumanda. Ndipo pali zinsinsi zina zimene agogo anga adaziphunzira ndi misozi.

Nkhondo ya FRELIMO yolimbana ndi Apwitikizi idayamba pa 25 September 1964, ndipo gombe lathu lidalowamo kuyambira pachiyambi. Ku Metangula kudali malo a asilikali apamadzi a Apwitikizi. Apolisi achinsinsi a PIDE ankakayikira kwambiri anthu a mishoni ya Anglican ya ku Messumba, popeza kumeneko kudali sukulu, ndipo anyamata ambiri ophunzira ankaolokera ku Tanzania. Wansembe wina amene ankakhala pa mishonipo, John Paul, adalemba zimene adaona m'buku lake lotchedwa Mozambique: Memoirs of a Revolution, limene lidatuluka mu 1975. Agogo sadawerenge bukulo. Iwo ankangonena kuti masiku amenewo mudzi wonse unkadziwa mayi amene akuphikira anyamata a kuthengo, njira imene ufa unkadutsa ndi mwini bwato loolotsa anthu usiku, koma msilikali akafunsa, aliyense ankasanduka chitsiru. Mwana ankaphunzitsidwa kuyankha kuti “sindidziwa” asanadziwe kuwerenga zala zake. Kazitape mmodzi ankakwanira kuwotchetsa mudzi. Nkhondo yapachiweniweni ija, imene idatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992, idabwereza phunziro lomwelo kwa makolo athu, ena ali othawa kwawo pa Likoma ndi ku Nkhata Bay.

Tsono kwathu kuli malire ake, kungoti adawaika pena. Chimene chingaphetse munthu chimakwiriridwa. Chimene chingamupulumutse chimalengezedwa. Kuno malire amadutsa pakhomo la munthu aliyense, ndipo zonse za mkati ndi zake yekha.

Lamulo lake liliponso. Amalitcha POPIA. Lidakhazikitsidwa mu 2013, mbali zake zambiri zidayamba kugwira ntchito pa 1 July 2020, ndipo mabungwe adapatsidwa chaka chimodzi kuti akonzeke. Nkhani za umoyo wa munthu lidaziika m'gulu lotetezedwa mwapadera, ndipo chindapusa chake chingafike 10 miliyoni randi. N'chifukwa chake mabwana athu amanjenjemera akaona wantchito akujambula ndi foni m'chipinda cha wodwala.

Pa ichi sindikangana nawo. Dziko lino likukumbukira Gugu Dlamini, mayi wa ku KwaMashu amene adaphedwa ndi anthu a m'dera lake mu December 1998 atangoulula poyera kuti ali ndi HIV. Kwathunso pakamwa pomwe paja pamene pamabweretsa kondowole padathawitsa anthu. Ndikudziwa amayi amene ankapita kukatenga mankhwala otalikitsa moyo kuchipatala chakutali, kusiya chapafupi, kuopa kuti wina awaona pamzere. Mozambique idachita kukhazikitsa lamulo mu 2014 loteteza anthu amene ali ndi kachilomboka, ndipo idachita bwino. Nanga foni zitafika ndiye zidaonjeza. Pa gulu la WhatsApp la anthu a kwathu, munthu amatumiza chithunzi cha wodwala ali gone pabedi osadziwa kanthu, ngakhale cha maliro achibale akutali asanauzidwe. Kale uthenga wa zovuta unkanyamulidwa ndi munthu wamkulu, wokhala pansi kaye asanayankhule. Lero umafika pakati pa nthabwala ndi malonda a zitenje. Zimenezo akadaziletsa mawa, ine sindikadalira.

Koma ndikufuna ndinene za agogo amene ndimawasamalira. Dzina sinditchula, pepala lija ndidasayina. Ana awo ali kunja kwa nyanja zazikulu, ndipo amaimba foni Lamlungu. Tsiku lina ndikutaya zinyalala, mayi wa nyumba yoyandikana nayo adandiimitsa pa geti n'kufunsa kuti agogo ali bwanji, popeza sakuwaonanso m'dimba la maluwa. Ndidayankha mmene adatiphunzitsira, kuti zimenezo afunse achibale. Mayiyo adapepesa ngati walakwa, n'kubwerera m'nyumba mwake. Ndidayankha bwino, Chingerezi chake chosalakwika, ndipo aphunzitsi akadandimva akadandiombera m'manja. Koma anthu awiriwa akhala moyandikana zaka zambiri, ndipo wina sakudziwa kuti mnzake akhala akuyang'ana khoma tsiku lonse kudikira aliyense woti amulankhule. Kwathu mayi ameneyo sakadafunsa n'komwe. Akadangolowa, n'kukhala pamphasa, n'kuyamba kudandaula za nsana wake.

Usiku umenewo mphepo ya kummwera chakum'mawa idawomba, imene kuno amaitcha Cape Doctor. Imagwedeza mazenera ngati mwera, kungoti kuno imabwera nthawi yotentha, pamene kwathu mwera ndi wa miyezi yozizira, ija asodzi amakokera mabwato kumtunda n'kukhala pansi pa mtengo kusoka maukonde. Ndidagona ndikuwerenga zimene ndazisowa. Mitambo ya nkhungu ikukwera pakati pa nyanja. Ng'oma za chioda madzulo, ndi amuna a mganda atavala zoyera. Nsanja za tchalitchi cha St Peter's zikuoneka boti likamayandikira Likoma. Koma chimene chidandisowetsa tulo si zimenezi ayi. Chifuwa chidali chitandigwira sabata imeneyo, ndipo mumzinda wa anthu mamiliyoni panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa. Kuntchito ukanena kuti sukupeza bwino amakufunsa kalata ya dokotala. Kunyumba yalendi aliyense amatseka chitseko chake.

Nditaimbira azakhali m'mawa mwake, adamva kutsokomola kumodzi kokha. Pofika madzulo foni yanga idali italira kuchokera ku Metangula, ku Lichinga ndi ku Likoma. Amalume adalamula kuti ndimwe madzi a mandimu otentha, msuweni wanga adafunsa ngati si TB, ndipo mayi wina amene sindimukumbukira n'komwe adati andipempherera ku Mothers' Union Lachinayi. Ndidakwiya pang'ono, osanama, chifukwa pofika kwa wachitatu nkhani idali yoti ndagonekedwa m'chipatala.

Ndikusunga ndalama zoti ndipite December. Ndidzadzera ku Malawi: basi mpaka Lilongwe, kenaka Nkhata Bay, Ilala mpaka Likoma, ndiyeno kaboti koolokera ku Cóbuè. Ndauza azakhali okha, ndipo ndawapempha kuti asauze munthu, kuopa mndandanda wa zoti ndigule. Dzulo mwana wa amalume wanditumizira kale saizi ya nsapato zake.