Ma chip akatsala pang'ono kutha

Kumapeto kwa mpikisano wa poker, ma chip akakuthera palibe kugula ena. Umangodzuka, kugwirana chanza ndi anzako, ulendo wa kwanu. (Ma chip ake si a pachiwaya ayi, ndi tinthu tozungulira ngati makobidi tomwe amabetchera.) N'chifukwa chake ndikamaonera World Series of Poker ya ku Las Vegas pa YouTube, maso anga amakhala pa munthu amene watsala ndi kamulu kakang'ono. Iyeyo ndiye ali pamoto.

Vuto lake ndi loti kungokhala phee kumadyanso ndalama. Makadi asanagawidwe, anthu awiri amakakamizidwa kuponya ma chip pakati. Amenewa ndiwo ma blind, wina wamkulu wina wamng'ono, ndipo udindowu umazungulira tebulo. Osewera amawerenga chuma chawo potengera blind wamkulu uja. Tinene kuti mwatsala ndi ma blind 10 pa tebulo la anthu 9. Kuzungulira kamodzi kumakudyerani awiri ndi theka, tikaphatikiza kamsonkho kena kotchedwa ante. Kuzungulira kanayi, makadi atagawidwa ka 36 kokha, mulibe kanthu. Komanso ma blind amakwera nthawi ikamapita.

Msuweni wanga, yemwe timaonera limodzi, amati iye angadikire ma ace awiri basi. Ma ace awiri amabwera kamodzi pa maulendo 221. Mudikira ndi chiyani, achimwene?

Chida chomwe munthu wotere watsala nacho ndi mantha a anzake. Akakankha ma blind 10 onse nthawi imodzi, all-in, mnzake amene ali ndi 30 ayenera kuganiza kawiri, chifukwa akaluza wataya gawo limodzi mwa atatu a chuma chake. Kawirikawiri amataya makadi. Wokankha uja amatola awiri ndi theka aja osaonetsa khadi ngakhale limodzi, kamulu kake n'kukula ndi kota. Koma akachita manyazi mpaka kutsala ndi ma blind atatu, palibenso amamuopa. Aliyense amalowa ndi makadi alionse, chifukwa mtengo wake ndi wa bonya. Ndipo ngakhale atakulowerani, sikuti mwafa kale: K ndi 9 imagonjetsa A ndi Q pafupifupi kamodzi pa katatu.

Malo amene mwakhala nawonso ndi nkhani. Kukankha kutatsala anthu awiri kumbuyo kwanu n'kosiyana ndi kukankha kutatsala asanu ndi atatu.

Martin Jacobson wa ku Sweden anafika pa tebulo lomaliza mu 2014 ali wachisanu ndi chitatu pa anthu 9. Anakankha mobwerezabwereza, nkhope ili gwa, anzake akungomusiyira ma blind, mpaka anatenga chikho ndi madola 10 miliyoni. Ambiri amati chinali chamuna. Ine ndimaonapo masamu a munthu amene anawerengeratu kunyumba.

Pomwe mutu umandizungulira ndi pamene masamu omwewo akukuuza kuti utaye makadi abwino. Kulowa mpikisano waukuluwu ndi madola 10,000, ndipo pa anthu 100 alionse, pafupifupi 15 okha ndiwo amalandirako kanthu. Pamakhala nthawi yoti kwatsala munthu mmodzi kuti atuluke, otsalawo onse ayambe kulandira, woyambirira madola 15,000. Ngati pa tebulo lina pali wina amene watsala ndi blind mmodzi, inu wa ma blind 8 mungataye ngakhale A ndi J, kudikira kuti mnzanuyo ayambe ndiye kugwa. Zimaoneka zoipa, kudikirira tsoka la munthu. Ndipo a milu ikuluikulu amadziwa kuti mwamangika manja, ndiye amakukankhani dala ulendo uliwonse, inu mukungoyang'ana makadi anu ndi kusuzumira tebulo la uko.